Za nyumba ya ku Siavonga ija, ndafufuza

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kulipiriratu theka la ndalama ku kampani ina yomanga nyumba m'mbali mwa nyanja ya Kariba, yoti ndizichititsa lendi kwa alendo a holide. Ambiri munati ndiyambe ndafufuza. Ndatero, abale.

Ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, kampaniyo ilipodi, koma inalembetsedwa chaka chatha chomwechi, pomwe pa Facebook amati ndi akale pantchito. Nditafunsa satifiketi ya National Council for Construction, bungwe loyang'anira makampani omanga, mnyamata wa mu ofesi yawo kuno ku Lusaka anangodzikanda m'mutu, amvekere abwana ali ku Kitwe.

Chandiimitsa kwenikweni ndi malowo. Ku Unduna wa Malo alibe title deed, akadali m'manja mwa mfumu. Kalata ya mfumu ilipo, inde, koma kuti akhale a lizi ya zaka 99 pafunikanso khonsolo ndi Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo, avomereze. Loweruka ndinakwera basi kukadzionera ndekha: maziko awiri okha, simenti itauma gwa m'matumba, mbuzi zili phee pamthunzi.

Ndalama zanga zikadali kubanki. Ndawauza kuti title ikatuluka ndidzalipira kudzera kwa loya, pang'onopang'ono, molingana ndi pomwe ntchito yafika.