Mlongo wanga akumajomba kuntchito, ndi matenda kapena ulesi?

Mwana wa ku Ulongwe:

Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono amagwira mu loja ina yaikulu kuno ku Tete mtauni, amakhala polandilira ndalama. Mtsikana wanzeru ndithu, poyamba abwana ake ankamutama kuti ndi wachangu. Koma pano zinthu sizili bwino. Sabata ina amapita masiku onse, sabata ina Lolemba akuti mutu, Lachiwiri wadzitsekera kuchipinda foni wathimitsa safuna kuona munthu. Akapita nde amabwerako maso atatupa ati anzake akumunena, kapena wayambana ndi kapitawo chifukwa chongomuuza kuti ndalama sizinakwane. Kumene ankagwira kale anasiyanso yekha chimodzimodzi, kungonyamula chikwama nkumapita osatsanzika.

Tinapita naye kuchipatala, a técnico de psiquiatria (oona matenda a maganizo) anati ali ndi depressão (matenda okhumudwa kwambiri) ndi nkhawa komanso akuona zizindikiro za borderline (vuto la mtima osinthasintha msanga), anamupatsa mankhwala a fluoxetina wayamba sabata yatha koma akujombabe. Amalume akuti ndi ulesi basi, amayi kumudzi akuti pali dzanja la munthu. Kodi matendawa angamulepheretsedi munthu ntchito chonchi? Nanga abwana akewo tiwauze kapena tibise?

Namwino wa ku Moatize:

Achimwene pepani ndi zimenezi. Choyamba mankhwalawo musawaweruze msanga, fluoxetina satenga sabata imodzi ayi, ambiri amayamba kumva kusintha pakatha masabata awiri mpaka anayi, ena kufika asanu ndi limodzi, ndipo masiku oyambilira ena amamva nseru, tulo kusowa, nkhawa kuwonjezeka pang'ono. Nde asasiye yekha, ngati zavuta abwerere kwa amene anamulembera.

Ku funso lanu eya zimalepheretsa, koma zitatuzi sizigwira munthu mofanana. Depressão imalanda mphamvu, munthu kudzuka pamphasa kokha kumakhala chintchito, tulo sabwera kapena amangogona, mutu sugwira zinthu. Nkhawa imamupangitsa kuthawa malo omwe akuopa, akaganiza za mzere wa makasitomala ndi kapitawo ataima kumbuyo kwake mtima umathamanga, manja thukuta, mmimba kutsegula, nde akakhala pakhomo amamva kupepuka ndipo mawa lake kupita kumavuta kuposa dzulo. Ndi mmene kujomba kumakulira.

Borderline nde ina. Iyoyo sikwenikweni kuti ntchito sangaithe, vuto limakhala pakati pa iye ndi anthu. Mtima umasintha mwachangu pa maola ochepa, amaopa kwambiri kukanidwa kapena kusiyidwa, munthu yemwe dzulo amamuona ngati mngelo lero ndi mdani. Kapitawo akati ndalama zaperewera 200 meticais iye samva za 200 zo ayi, amamva kuti sakufunidwa, ndi wachabechabe, onse akumuseka, ndipo ululu wake ndi weniweni sikuti akudzipangitsa. Nchifukwa chake mukuona akusiya ntchito mwaphuma. Iyoyi mapilitsi paokha sachiza, chomwe chimathandiza ndi uphungu wa nthawi yaitali, wotchuka ndi DBT yomwe anayambitsa Marsha Linehan ku America, amaphunzitsa munthu kupilira mtima ukawira osachita kanthu nthawi yomweyo. Funsani ku Hospital Provincial de Tete kuti azionana ndi psicólogo (katswiri wa uphungu wa zamaganizo), osati kungolandira mankhwala nkumapita.

Komanso anthu timangowerenga masiku ojomba poti ndi omwe amaoneka. Mabungwe a dziko lonse a zaumoyo ndi zantchito, WHO ndi ILO, mu 2022 anati dziko lonse limataya masiku ogwira ntchito 12 biliyoni chaka chilichonse kaamba ka depressão ndi nkhawa. Koma palinso kwina munthu wapita ndithu, wasaina, wakhala pampando koma mutu kulibe, akubweza chenji chopitilira, akuwerenga ndalama katatu osamaliza. Mwina ndalama zoperewerazo zikuchokera pamenepo.

Chomaliza, mumuone mmanja ndi mmikono ngati sakudzicheka, ndipo akayamba kunena zoti bola kufa musadikire tsiku la consulta (lomwe anamupatsa kuchipatala), pitani naye ku banco de socorros (kolandilira odwala mwadzidzidzi) pompo, mankhwala a fodya ndi a makoswe muwachotse mnyumba.

Bambo a Chisomo, Zóbue:

Ine ndiyankhula ngati munthu olemba anthu ntchito, ndili ndi kagolosale pafupi ndi malire apa. Zonse anena anamwinozo sindikutsutsa koma mutimvetsenso ife. Munthu akapanda kubwera osanena, ine ndimatseka shopu kapena ndimachotsa mwana kusukulu kuti adzakhale pamenepo, ma tiraki a ku Malawi sadikira kuti wantchito wako mtima ukhale pansi. Chimene chimatipweteka si kudwala ayi, aliyense amadwala, koma foni yothimitsayo. Uthenga umodzi mmamawa oti abwana lero sinditha, basi ine ndapeza pogwira. Nde achimwene ngati mlongo wanuyo sangathe kuimba, imbani inuyo. Koma zoti mukawauze abwana kuti ali ndi matenda a mutu ine ndikuti ganizani kaye, anthu kuno akangomva psiquiatria amati wamisala, mawa loja yonse yadziwa mpaka alonda.

Dona wa ku Matundo:

Ndimagwira ku recursos humanos (ofesi yoona za antchito) nde ndiyankhe mbali ya malamulo. Chimene chimachotsetsa anthu ambiri ntchito si matenda, ndi pepala. Kujomba chifukwa chodwala kumawerengedwa falta justificada (kujomba kovomerezeka) pokhapokha pali atestado médico (pepala la adokotala), popanda iyo ndi falta injustificada, amadula malipiro ndipo atha kumutsegulira processo disciplinar (mlandu wa kuntchito). Akatha masiku 15 otsatizana osaoneka osanena kanthu lamulo limatenga ngati wathawa ntchito. Lamulo lomwe likugwira pano ndi Lei 13/2023, linalowa mmalo mwa la 2007 lija.

Nde tsiku lililonse lomwe walephera kupita apite kuchipatala akatenge pepala, mulijambule pa foni musanapereke. Abwana ofunika kudziwa kuti akudwala ndipo akulandira thandizo, dzina la matenda simukakamizidwa kulilengeza kwa kapitawo kapena anzake. Kujomba kukachuluka kampani itha kumutumiza ku Junta de Saúde (gulu la madokotala ounika odwala) kuti akaone ngati angapitilize ntchito, musaope zimenezo ndi njira yake. Onaninso ngati amamudulira INSS (inshuwalansi ya boma ya antchito), wantchito amapereka 3% ya malipiro abwana 4%, ngati ndalamazo zimapitadi atha kupempha subsídio de doença (ndalama zothandizira wodwala) pa masiku omwe wagona. Ma loja ena amadula pa pepala koma osapereka, pitani ku ofesi ya INSS mukafunse ndi nambala yake.

Bambo a Chisomo akunena zoona pa nkhani ya mphekesera, koma kubisiratu zonse nakonso kumapha, chifukwa abwana akapanda kudziwa kanthu amangolemba kuti mwano.

Nachisale:

Ine nkhaniyi ndi yanga yomwe, ndili ndi borderline ndi depressão ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ina kuno. Amalume anuwo akuti ulesi eti? Waulesi akajomba amasangalala, amakacheza, amadya bwino. Ine ndikajomba ndimakhala nditavala kale yunifomu, nsapato kuphazi, ndakhala pamphepete pa bedi ndikumva ma chapa (maminibasi) akuitanira kumsewu, nthawi ikudutsa ine ndikungoyang'ana chitseko, kenako manyazi amandigwira oti ndachedwa kale akandiona bwanji, nde ndimathimitsa foni, madzulo manyazi aja awirikiza poti sindinayankhe, mawa lake osanena. Foni yothimitsa ija bambo a Chisomo si mwano, ndi manyazi.

Zomwe zinandithandiza ndi zazing'ono. A psicólogo anandiuza kuti ndikapsa mtima kuntchito ndisasankhe chilichonse tsiku lomwelo, kalata yosiya ntchito ndilembe ngati ndikufuna koma igone mchikwama mpaka mawa, ndipo ikafika mawa ndimaing'amba ndekha. Mtima ukawira ndimapita kubafa kukasamba kumaso madzi ozizira, kutentha kwa kuno kwa mwezi wa Novembala kumawonjezera ukali nde madziwo amandibweza. Ndinapemphanso abwana anga kuti ndikalakwitsa azindiitanira pambali osati kundikalipira pagulu, anavomera, ndipo kuyambira pamenepo mikangano inachepa kwambiri. Mowa ndinasiya, unkandipatsa tulo usiku koma mmawa nkhawa imabwera ngati ngongole ya katapila.

Musamuuze kuti asiye ntchito akapume kumudzi mpaka achire. Kupuma masiku ochepa ndi pepala la adokotala kuli bwino, koma kukhala miyezi pakhomo kumakulitsa mantha obwerera. Madokotala omwe anatsatira anthu a borderline kwa zaka zambiri anapeza kuti zizindikiro zimachepa kwa ambiri akamakula, koma kukhazikika pantchito nkomwe kumatsalira mmbuyo, nde ngati malo alipo awagwiritsitse. Ngati nkotheka amuchotse kaye pa ndalama apite kolongedza katundu mmashelefu, kulandira ndalama ndi mutu obalalika nkovuta ndipo zikaperewera amadula kwa iye.

Za amayi ndi dzanja la munthu musalimbane nawo, apemphere ndithu, bola asamuuze kutaya mankhwala.

Mwana wa ku Ulongwe:

Zikomo nonse. A Nachisale ndamuwerengetsa zomwe mwalembazi, sanayankhe kanthu koma wapempha kuti ndimutumizire pa WhatsApp. Funso lina a Dona, masiku omwe anajomba mwezi watha alibe pepala lililonse, tingapangepo kanthu kapena zapita?

Dona wa ku Matundo:

A mwezi wathawo nkovuta, chipatala sichilemba atestado ya masiku omwe sanamuone. Koma pemphani a técnico aja akulembereni kalata yoti akulandira thandizo kuyambira tsiku lakuti, mupite nayo limodzi kwa abwana enieni osati kapitawo, ndipo pitani asanakuitaneni okha. Ngati amupatsa kale nota de culpa (kalata yomuimba mlandu) asangokhala chete, ayankhe molemba mkati mwa masiku omwe apatsidwa, aphatikize kalatayo ndipo asunge kope losainidwa kuti alandira.