Bambo akulandira PIP koma CMS ikufunabe £80 pa sabata

Nachisale, Leicester:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuthandiza bambo wina yemwe ankagwira ntchito yausiku ku warehouse. Anadwala sitiroko, dzanja lamanja silikugwiranso bwino. Asanadwale ankalandira £500 pa sabata msonkho usanadulidwe, ana awiri ali kwa mayi awo, ndiye a Child Maintenance Service (CMS), ofesi ya boma la UK yowerengera ndalama yosamalira ana, anawaikira 16 peresenti, £80 pa sabata. PIP yawo (ndalama ya boma yothandiza olumala ndi odwala nthawi yaitali) itavomerezedwa anangosiya kulipira, ati anzawo anawauza kuti wolumala salipira. Pano kalata ya ngongole yafika. Ndiyambire pati?

aPhiri, Luton:
Anzawowo anawasokeretsa. PIP siwerengedwa ngati malipiro, n'zoona, choncho CMS siingaitengepo gawo. Komanso PIP siitsitsa ndalama ya ana, chifukwa munthu amatha kuilandira akugwira ntchito bwinobwino. Funso ndi lakuti kupatula PIP akudya chiyani panopa?

Nachisale:
Akadali m'kaundula wa kampani, akulandira Statutory Sick Pay (SSP), ndalama imene abwana amalipira wantchito akadwala. Yatsala pang'ono kutha.

aPhiri:
Ndiye nkhani yagona pamenepo, achemwali. CMS imatenga chiwerengero cha malipiro ku HMRC, ofesi ya msonkho, ndipo chimakhala cha chaka cha msonkho chapitacho, pomwe bambowo anali wamphamvu. Kompyuta yawo siidziwa kuti munthu wagona m'chipatala. Koma malipiro akatsika ndi 25 peresenti kapena kuposa, munthu ali ndi ufulu wopempha kuti awerengenso osadikira kuwunika kwa pachaka. SSP imangopitirira £100 pang'ono pa sabata, ndiye agwera pa mlingo wotsika wa amene amapeza pakati pa £100 ndi £200: £7, kuphatikiza 25 peresenti ya ndalama yopitirira £100 ija, poti ana ndi awiri. Kuchoka pa £80 kufika cha m'ma £12. Atumize mapepala a malipiro a miyezi yomwe akhala akudwala, lero lomwe ngati n'kotheka.

Mayi Gondwe, Manchester:
Ndiwonjezepo. SSP imatha pa masabata 28. Apemphe fomu ya SSP1 kwa abwana awo, alembetse New Style ESA, benefiti ya amene akulephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda. Akalowa pa ESA, kapena pa Universal Credit (benefiti ya opeza zochepa) yopanda malipiro a ntchito, amalipira £7 yokha pa sabata, kaya ana ndi angati. Mufunsenso ngati anawo amagona kwawo. Munthu wa pa £7 chifukwa cha mabenefiti, ana akamagona kwake usiku 52 kapena kuposa pachaka, salipira kanthu pa anawo.

Nachisale:
Sagonako. Chiyambire kudwala ana sanabwereko. Nanga ngongole ija ingafufutike?

Mayi Gondwe:
Musawalonjeze zimenezo. Ngongole ya ana siifa chifukwa choti munthu walumala. Chomwe mungalimbane nacho ndi tsiku lomwe chiwerengero chatsopano chiyambire, chifukwa ndi lomwe likulitse kapena kuchepetsa ngongoleyo. Chigamulo chikabwera koma osakhutira nacho, muli ndi mwezi umodzi wopempha mandatory reconsideration (kuti CMS iunikenso chigamulocho), zikakanika apilo ku tribunal. Chimene chimandiwawa ine n'choti anthu athu amabisa makalata a bulauni m'dirowa mpaka mweziwo kudutsa.

aPhiri:
Komanso asakhale osalipira kalikonse podikira yankho. Akaoneka ngati wozemba amusamutsira ku Collect and Pay, njira yoti CMS izitolera yokha ndalamazo, komwe iye amaonjezeredwa 20 peresenti ndipo mayi a ana amadulidwa 4 peresenti. Ndi chifukwa chake ena mumawaona akudulidwa £8.40 pa mabenefiti m'malo mwa £7. Azitumiza kangachepe kudzera kubanki, alembepo kuti ndi ya ana. Ndalama yapamanja ilibe umboni.

Mayi Gondwe:
Ndipo mayi a anawo auzidwe mwaulemu zisanafike pa kalata. Kutsika kuchoka pa £80 si masewera kwa amene akudyetsa ana, ndipo Universal Credit yawo siikwera chifukwa cha zimenezi, poti ndalama ya ana siwerengedwa m'menemo.

Nachisale:
Zikomo nonse. Mawa m'mawa tiimbira CMS limodzi, mapepala a malipiro ndi kalata ya dokotala zili m'manja. aPhiri, ndikutumizirani chiwerengero chomwe atipatse muchione tisanavomere.