Chisoti cha Boba Fett cha Rubie's: ndiyambire pati kuti chisiye kuoneka ngati chidole?

Kamdothi:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi chisoti cha Boba Fett, uja wa m'mafilimu a Star Wars, chopangidwa ndi kampani ya Rubie's, chija cha zidutswa ziwiri, cha kumaso ndi cha kunkhongo, zokolana pakati. Ndikufuna chifanane ndi cha mu filimu ya The Empire Strikes Back ya 1980, chifukwa momwe chililimu chikunyezimira ngati beseni latsopano. Mzere wolumikizira ukuonekera kuchokera khutu lina kukafika linalo, galasi la kumaso ndi lopyapyala moti maso a munthu akuoneka, ndipo zokandika zija anangodinda mwachisawawa. Ndilumikize ndi guluu wanji? Fila ya magalimoto, phala lija lotsekera maenje m'bodi, igwira pa pulasitiki? Nanga penti aziyenda motani? Airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, ndilibe, ndidalira zitini zopopera ndi burashi.

Mbwiye_Chisale:

Achimwene, za penti muziike kaye pambali. Choyamba dziwani mtundu wa pulasitiki, chifukwa guluu, fila ndi penti zonse zikudalira pamenepo. Suzumirani mkati, nthawi zina mumakhala chidindo: ABS, PS, PP kapena PVC. Ngati mulibe, donthezani acetone, mankhwala aja ochotsera penti wa m'zikhadabo, pang'ono pamalo obisika mkatimo. Pakafewa n'kumamata chala, ndiye ABS kapena PS, ndipo ntchito yanu yaphweka. Pakapanda kusintha, mwina ndi PP. PP ndi yamakani: supagulu amamatuka, pentinso amasupuka ndi chikhadabo, pokhapokha mutayamba mwapopera adhesion promoter, ija amapopera pa mabampa a pulasitiki. Chikakhala chofewa chopindika ndi manja, imeneyo ndi vinyl, ndipo musayerekeze kuikapo penti wa enamel. Mafuta ofewetsera vinyl amalowa mu pentiyo, sauma, amakhala akumata mpaka kalekale. Pa vinyl ndi penti wa acrylic basi.

Mukadziwa, tsukani chonse ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Kufakitale amapaka mafuta oti pulasitiki isakakamire m'chikombole, ndipo mafutawo akatsala penti amathawa n'kusiya timaenje.

Polumikiza, dulani timano tokolanirana tija ngati tikulepheretsa zidutswa kukumana bwino. Gwirizanitsani ndi tepi kunja, muyang'ane chisoti kutsogolo ndi pamwamba ngati sichinapendame, kenako donthezani supagulu m'malo anayi kapena asanu mkati. Supaguluyo ndi wongogwirizira. Mphamvu yeniyeni ichokera ku nsalu ya fibreglass: kandani mkati ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 80, dulani timizere ta nsalu ta masentimita 5 m'lifupi, muyale kawiri potsata mzerewo.

Kunja, musangomata fila pamwamba pa mzere. Semani kangalande kooneka ngati V, kakuya mamilimita 1 kapena 2, mukandenso masentimita 3 mbali zonse ziwiri ndi 80 kuti fila ipeze pogwira. Fila ya magalimoto imagwira ndithu, koma imagwira m'mikwingwirima ya sandipepa, pa pulasitiki yosalala imangobanthuka. Hardener, mankhwala oumitsa fila, akhale gawo limodzi pa magawo 50 a fila. Akachuluka, fila imauma musanamalize kupaka, imachita timabowo, nthawi zina mtundu wake umatulukira pa penti. Akachepa, imakhala yonyowa mkati n'kumatseka sandipepa. Sakanizani mopinda ndi kachitsulo kopakira, osati motakasa, kuti musalowetse mpweya. Muli ndi mphindi 3 mpaka 5 zokha, ndiye sakanizani pang'onopang'ono. Kupaka kulikonse kusapitirire mamilimita 3. Chisoti chimapindika pochivala pomwe fila sipindika, ndiye ikanenepa imang'ambika.

Pakatha mphindi 20, palani ndi 80, kenako 180, kenako 240. Sandipepa muikulunge pa kathabwa kapena karabala, musapale ndi zala, zala zimakumba timakwawa tomwe mudzationa penti atalowa kale. Fila yosapaka pulaima musaipale ndi madzi, imamwa madziwo n'kudzatupitsa penti. Poperani pulaima yotuwa yodzaza mikwingwirima kawiri, muwaze penti wakuda pang'ono chabe pamwamba, mupale ndi 400. Pomwe pakuda patsala ndi pomwe pali dzenje. Bwerezani mpaka chala chikamadutsa pa mzerewo mutatsinzina chisamve kanthu.

NaPhiri_Joburg:

A Chisale afotokoza bwino, koma sanatchule resin, utomoni woyalira nsaluyo, ndipo apa mpomwe zisoti zambiri zimafera. Musagule polyester resin ija ya m'makiti okonzera maboti ndi magalimoto. Ili ndi styrene yemwe amadya ABS ndi PS, imatentha pouma, ndipo pulasitiki yopyapyala imapotoka. Gulani epoxy ya magawo awiri, youma pang'onopang'ono, muisiye maola 24. Ngati ndi ABS palinso njira yotchipa: dulani zinyenyeswa za ABS, muziviike mu acetone m'botolo la galasi usiku umodzi, zisanduka phala lomwe limasungunula mbali ziwirizo n'kuziphatikiza. Pakani mopyapyala, mukathira lambiri limafewetsa mpaka kunja.

Koma kwa ine chomwe chimaulula chidole si mzere ayi, ndi galasi ndi kaimidwe ka chisoti. Galasi lakalelo lichotseni. Boolani timabowo m'ngodya za malo a galasiwo, omwe amaoneka ngati chilembo T, dulani mkati mwa mzere ndi Dremel, kamakina ka m'manja kodulira mozungulira, pa liwiro lotsika, chifukwa liwiro likakwera pulasitiki imasungunuka m'malo modulika, kenako wongolani m'mphepete ndi fayilo. Musanadule, mangani kathabwa mkati kolumikiza zibwano ziwiri, mbali zija za kumanzere ndi kumanja kwa mwendo wa T. Mukachotsa galasi zibwanozo zimasiyana, china chimatuluka china chimalowa, ndipo mpata wa pansi umasiya kukhala wofanana.

Galasi latsopano dulani kuchokera ku chotchinga kumaso cha anthu owotcherera zitsulo ndi gasi, chobiriwira moderapo, cha shade 3 (nambala ikakwera, galasi limadera kwambiri). Shade 5 imaoneka bwino pa chithunzi koma m'nyumba simuona njira. Yambani mwajambula pa katoni, muonjezere sentimita imodzi ndi theka mbali zonse yomatira. Muliike pomaliza penipeni, penti atatha. Supagulu asayandikire galasi: nthunzi yake imasiya chifunga choyera chomwe sichichoka. Matani timanati mkati ndi epoxy, galasi mulimange ndi timasikuluwu, kuti likakandika mudzathe kusintha.

Denti yotchuka ija, pomwe chisoti chinabonyoka, ili pamwamba pa diso lamanzere la wovala, pomwe mlongoti wa rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda, uli ku khutu lamanja. Pa zidole denti imakhala yosaya ndi yozungulira kwambiri. Ena amatenthetsa ndi heat gun, makina ouzira mpweya wotentha, n'kukankha ndi supuni, koma pulasitiki yopyapyala imatha kufota mwadzidzidzi. Njira yosaopsa ndi kudula bowo, kumata kachidutswa kolowa mkati kuseri kwake, n'kuumba maonekedwe ake ndi epoxy putty, epoxy ija youmbika ngati dongo. Mlongotiwo sinthani ndi wa aluminium, wa pulasitiki umawerama.

Chimodzi chomwe fila singakonze ndi kukula. Chisoti cha mufilimu chimatambasuka kumunsi. Ngati chanu chafinyika, chiviikeni m'madzi otentha kwambiri, muchikanule ndi kathabwa pakati pa makutu mpaka chizizire, kenako mumatire kachitsulo kopyapyala ka aluminium mkati mwa mkombero wakumbuyo kuti chisabwerere.

Wapenti_Gomani:

Za penti tsono. Poyamba musasakanize mafilimu. Chisoti cha 1980 ndi cha mu Return of the Jedi ya 1983 zimasiyana mitundu ndi malo a zokandika, ndipo odziwa amaona nthawi yomweyo. Sindikizani zithunzi za chisoti chimodzi, mbali zonse, zikhale pa tebulo.

Chenicheni cha mufilimu chinapakidwa penti wa Floquil, wa zidole za sitima zapamtunda, yemwe anasiya kupangidwa. Ambiri tsopano amatsata manambala a penti wa Humbrol: 11 wa siliva, 79 wotuwa moderapo, 78 wobiriwira wa pamutu ndi m'masaya, 73 wofiira moderapo wa mkombero wa galasi. Ngati mugwiritsa zitini, tengani tizitini ta Humbrol ngati choyerekezera mtundu, muyese pa katoni yopaka pulaima, muone padzuwa. Chivindikiro cha chitini chimanama.

Chinsinsi cha zokandika n'chakuti penti amayalidwa kuyambira pansi, ngati kuti chisoti ndi chachitsulo chomwe penti wake akusupuka. Mukatha pulaima, palani ndi 600 ya madzi, poperani siliva chisoti chonse, chiume masiku awiri. Jambulani zokandika pa pepala loonekera mkati, muzisamutsire pa chisoti ndi pensulo. Pomwe mukufuna siliva adzaoneke pakanipo masking fluid, madzi ophimbira omwe akauma amasupuka ngati labala, ndi kamtengo kotokosera mano. Ngati simuipeza, mankhwala otsukira mano oyera aja amagwira ntchito, osati a jelo. Vaselini musagwiritse, amafalikira ndipo penti wotsatira amakana kugwira. Poperani wotuwa. Akauma, musachotse zophimba zoyambazo, onjezerani zina mozungulira, zokulirapo ndi milimita imodzi kapena awiri, koma osati mofanana mbali zonse. Kenako wobiriwira. Mukafikisa ndi chala mupeza siliva pakati, kamzere kotuwa m'mbali, wobiriwira kunja, ndipo chikhadabo chimamva kuti pali masitepe. Masking fluid isagone pa chisoti kupitirira masiku awiri kapena atatu, imauma gwa n'kuvuta kuchotsa.

Zitini zili ndi malamulo ake. Gwedezani mphindi ziwiri zathunthu, imani masentimita 25 mpaka 30, yambani kupopera kunja kwa chisoti n'kudutsa. Kupopera katatu kopyapyala kumaposa kamodzi konenepa. Werengani pa chitini nthawi yobwerezera: ma enamel ambiri amati mubwereze ola lisanathe kapena mudikire maola 48. Mukabwereza pakati pa nthawi ziwirizi, pamwamba pauma koma pansi pali pofewa, penti amakwinyika, ndipo mankhwala ake ndi kupala n'kuyambiranso. Penti wa lacquer pamwamba pa enamel amachitanso chimodzimodzi. Musasakanize enamel ndi lacquer, khalani pa umodzi, makamaka wa kampani imodzi.

Ngati muli kumudzi kuno, nyengo muiganizire. M'dzinja chinyontho chimakodwa mu penti n'kumuyeretsa ngati wathiridwa mkaka. Mu Okutobala masana penti amauma ali m'malere asanafike pa chisoti, n'kutera ngati mchenga. Poperani m'mawa pamthunzi, mame atauma. Tepi yophimbira mkombero wofiira muiyambe mwaimata pa malaya kuti mphamvu ichepe, apo ayi idzanyamula wobiriwira.

Mbwiye_Chisale:

A Gomani, njira yoyala ndi yokongola, sindikutsutsa, koma kwa munthu wa zitini ndi chisoti choyamba ine ndingaisakanize. Zitini zimathira penti wonenepa, ndipo tizokandika ta milimita imodzi timakwiririka, pofikisa timang'amba ndi zapafupi zomwe. Zikuluzikulu monga za pa denti ndi kunkhongo achite zoyala, ting'onoting'ono ajambule pamwamba ndi burashi ya 00, wotuwa poyamba, siliva mkati mwake. Pa mtunda wa mita imodzi palibe angasiyanitse. Ndipo asapeke zokandika za m'mutu, dzanja la munthu limakonda kuzitalikanitsa mofanana, pomwepo mpomwe chimabwerera kukhala chidole.

Chomwe chatsala ndi litsiro. Sakanizani acrylic wakuda ndi wa burnt umber, wabulauni woderapo uja, gawo limodzi pa magawo 10 a madzi, ndi kadontho ka sopo kuti asachite mikanda. Pakani m'makona, m'mbali mwa makutu ndi pansi pa masaya, pukutani ndi kansalu asanaume. Choko cha pastel chopala mpaka kukhala ufa, chopaka ndi burashi youma, chimapereka mwaye wabwino kuzungulira denti. Mukafuna kuzimitsa kunyezimira, sisitani mopepuka ndi steel wool ya 0000.

Samalani ndi vanishi wa matt, wosanyezimira uja. Amateteza, koma amapha siliva n'kumusandutsa wotuwa wamba. Poperani kamodzi kopyapyala, akauma mudutsenso pa zokandika zikuluzikulu ndi siliva wa burashi kapena mutikite pensulo ya 6B. Popala fila ndi popopera valani chigoba chokhala ndi zosefera nthunzi ya penti, kansalu ka pamphuno sikatchinga kanthu.

Kamdothi:

Zikomo kwambiri makosana, a NaPhiri inunso zikomo. Ndayesa acetone, pafewa, ndiye ndigula epoxy. Funso lotsiriza: chikugwedera pamutu, ndipo ndikangopuma kawiri galasi lachita nthunzi. Mkati mumaikamo chiyani?

NaPhiri_Joburg:

Achimwene, mkatimo pakani penti wakuda wa matt kuti kuwala kusaonetse nkhope. Dulani siponji ya masentimita 2, zidutswa zinayi: pamutu, pachipumi, ndi mbali ziwiri pamwamba pa makutu. Zimatireni ndi Velcro, osati guluu, kuti muzitha kusuntha mpaka maso alunjike pa mzere wopingasa wa T, komanso kuti muzichapa. Zingwe za mkati mwa chipewa cha omanga nyumba zimagwiranso ntchito ngati malo alipo.

Za nthunzi, kumbuyo kuli timipata tija tooneka ngati makiyi. Tibooleni, mumate kaneti kakuda kuseri, muikepo kafani ka 5V ka mamilimita 40, koyendera power bank yaing'ono. Fani yachiwiri, ngati ikwana, ikhale m'tsaya, iziuzira m'mwamba modutsa pa galasi, osati m'maso. Pakaninso kadontho ka sopo wa mbale mkati mwa galasi, mupukute mpaka kuyera, amagwira maola angapo.

Ndipo wina akadzachiona chitatha n'kukupemphani kuti akwere nacho njinga yamoto, mukane. Fila ndi pulasitiki yopyapyala zimasweka kukhala zisonga munthu akagwa, ndipo mu T uja simuona galimoto yochokera m'mbali.