Jenereta yakanirira mkati mwa galimoto yogonamo, thandizeni

Akuluakulu, ndili ku Nchalo ndi galimoto yakale yokhala ndi chipinda chogona. Jenereta yake imakhala pa tireyi yomwe imatuluka kutsogolo ndi mphamvu ya hayidiroliki. Tsopano ndikadina batani, pampu ikulira bwinobwino koma tireyi siikusuntha ngakhale pang'ono.

Batire ndatchaja, fyuzi ili bwino, mafuta a hayidiroliki m'thanki ngodzaza. Njanji za tireyiyo ndatsuka n'kupaka girisi, poti munadzaza matope ouma a dzinja lathali. Ine ndikukayikira solenoid ya valavu (kachipangizo ka magetsi kotsegula ndi kutseka njira ya mafuta), kapena loko wa tireyi wachita dzimbiri.

Kodi pali pomasulira presha kuti ndiikoke ndi manja osaononga silinda? Ndikufuna kusintha oyilo wa jenereta, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno popanda fani tulo sitibwera. Amakaniko, ndiyambire pati?