Mipando ya patebulo yang'ambika pokhalira, ndisoke zovundikira za chitenje?

Nachisale wa ku Chitakale:

Abale ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mipando 6 ya patebulo lodyera imene anasiya malemu bambo anga. Anaikhoma ndi kalipentala wa pa esiteti ya tiyi pomwe ankagwira ntchito, matabwa ake ndi a mbawa, mpaka lero sigwedera n'pang'ono pomwe. Vuto lili pokhalira. Chipulasitiki chakuda chija chinasweka, siponji ili pamtunda, ndipo adzukulu akumaibudula n'kumaseweretsa. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wanga, akuchimuna akuchokera ku Zomba, sindingawakhazike pa zoterezi. Makina ndili nawo, a Singer opalasa ndi phazi, kungoti ndinazolowera mayunifolomu ndi zigamba basi. Ndili ndi zitenje zitatu zofanana zimene zinatsala pa ukwati wina. Zikwana? Nanga ndiyambire pati?

Telala wa pa Luchenza:

Mayi, musanagwire sizasi chapani kaye zitenjezo, ziume, muzisite. Nsalu ya thonje imabwerera ikalowa m'madzi koyamba. Mukasoka isanachapidwe, tsiku lodzachapa idzakana kulowa pampando.

Kenako tengani nyuzipepala, yalani pokhalirapo, lembani mozungulira ndi choko kapena pensulo. Musangoyeza mbali imodzi n'kuganiza kuti zonse n'zofanana, mipando yambiri imakhala yotambalala kutsogolo, yopanikiza kumbuyo. Pa chimene mwalembacho onjezani kukhuthala kwa siponji, kenako masentimita 5 kapena 6 oti nsalu ipindikire kunsi, ndi ena 2 a msoko. M'mphepete pindani mpendero woti mudutse lasitiki. Kumakona akumbuyo, komwe kuli miyendo yokwera ku choyedzamira, dulani pang'ono n'kusokerera timizere tiwiri tomangira, apo ayi chovundikira chizitsetsereka munthu akamadzuka.

Chitenje chimodzi ndi mamita awiri, chimatulutsa zovundikira ziwiri mosavuta. Koma ngati chili ndi maluwa akuluakulu ndipo mukufuna duwa likhale pakati pa mpando uliwonse, nsalu yambiri ipita ku zidutswa. Sokani chimodzi kaye ndi nsalu yakutha, muone ngati chakhala.

Anaphiri a ku Bvumbwe:

A telala anena zoona pa kayezedwe, koma pa chitenje ine ayi. Ndinasoka zanga za chitenje, zinakongola ndithu, koma chisanathe chaka zinali zitasuluka ndi kuperepeseka pamakona akutsogolo, pomwe pamakhula miyendo. Chitenje n'chopyapyala, sichinapangidwire kukhalidwa katatu patsiku. Ulendo wachiwiri ndinagula makatani okhuthala a pakaunjika, awiri okha anakwanira mipando yonse, mpaka pano alipo. Inu Limbuli simutalikira, kayang'aneni tsiku la msika. Sankhani mtundu wodera. Supu wa matemba akagwera pa nsalu yowala mudzalira.

China, musayale pulasitiki pansi pa nsalu ati kuteteza siponji. Kwathu kuno ndi chiperoni cha June ndi July chinyezi chimatsekeredwa mkati, siponji imachita chuku, fungo lake alendo amva asanakhale n'komwe.

Bambo a Chisomo, kalipentala, Thyolo Boma:

Pepani kulowerera nkhani ya amayi. Nonsenu mukukamba za nsalu, koma siponji yobudulidwa ija mukaivundikira momwemo, mabampu aonekera ndipo wokhalapo amva thabwa. Tembenuzani mpando muone kunsi. Mipando yambiri yamtunduwu pokhalira pake ndi pulayiwudi yomangidwa ndi masukuluwu anayi. Masulani, chotsani chipulasitiki ndi siponji yakale, yang'anani bwino m'ming'alu chifukwa nsikidzi zimakonda mmenemo. Gulani siponji ya mainchesi awiri, yolimba, osati yofewa ya mapilo. Idulidwe ndi mpeni wakuthwa motsata pulayiwudiyo. Kutani ndi nsalu wamba, ngakhale bedishiti yakale, kokani bwino n'kukhoma kunsi ndi timisomali, kuyambira pakati pa mbali iliyonse, makona pomaliza. Pamwamba pakepo ndiye muzivekapo zosoka zanuzo, zoti muzivula n'kuchapa. Mbawa ija ingofuna sandipepala pang'ono ndi vanishi, penti musaiyandikize chonde.

Nachisale wa ku Chitakale:

Zikomo nonse. A kalipentala, ndatembenuza mpando umodzi, masukuluwu alipodi anayi, koma awiri achita dzimbiri, akana kutembenuka. Ndawadonthezera mafuta a makina, ndiyesanso mawa. Nsikidzi mulibe, mwamwayi, koma ndapezamo ndalama ya 10 tambala ya nthawi ya Kamuzu, kaya inalowa bwanji. Anaphiri, makatani ndikagula, koma pachinkhoswe pokha mundikhululukire, ndiveka zitenjezo chifukwa zikufanana ndi nsalu ya patebulo. A telala, lasitiki ndigule yaikulu bwanji, ya m'chiuno mwa siketi ija kapena yaing'ono?

Telala wa pa Luchenza:

Ya sentimita imodzi ndi yokwanira. Idulidwe yofupikirapo kuposa kuzungulira kwa mpando, mwina magawo atatu mwa anayi, ndipo muilowetse ndi pini wamkulu.