Zimbudzi ndi zinyalala pa doko la nsomba: kodi udindowu ndi wa yani?

Wogulitsa usipa

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino kayendetsedwe ka makhonsolo. Ndimachita geni ya usipa pa doko lina la m'tawuni ya m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, chakum'mwera kuno, ndipo nkhani imene yatisowetsa mtendere ife amayi a pa matandala ndi ya zimbudzi ndi zinyalala. M'mawa uliwonse, maboti a chilimira akamakocheza, pa doko pamadzaza anthu ochokera kutali, ena ndi mabasiketi, ena ndi njinga, ena ndi malole, koma chimbudzi chimene chinalipo chinagumuka pamene nyanja inasefukira mu 2024, ndipo mpaka lero china sichinamangidwe. Munthu akapanikizika amangolowera m'bango, ndipo bango limenelo lili pafupi ndi pamene ana amasambira, pamene timatsukira nsomba, komanso pamene mabanja ena amatunga madzi mpope ukauma. Majumbo, mabotolo ndi matumbo a nsomba zimaunjikana kuseri kwa matandala, moti ntchentche zochokera kumeneko zimadzatera pa usipa umene tayanika.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti ndalama timapereka. Pali ya chiphaso cha tsiku ndi tsiku tikayala malonda pamsika, palinso ina imene timalipira pa doko pomwepo chifukwa cha malo oyanikira. Koma tikafunsa za chimbudzi, aliyense amaloza mnzake, ndipo ife timabwerera opanda yankho. Kodi malinga ndi malamulo, ukhondo wa pa doko ndi udindo wa yani? Nanga tingapereke bwanji pempho lathu kuti limveke, ndipo kodi tili ndi ufulu wodziwa kumene ndalama zathu zimapita? Dzinja likuyandikira, ndipo ambiri a ife sitinaiwale zimene kolera inatichita.

Mlembi wakale wa komiti ya chitukuko

Mayi, pa doko pamakumana maulamuliro atatu, ndipo n'chifukwa chake mwakhala mukutumizidwa uku ndi uku. Woyamba ndi khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, limene linabwera limodzi ndi ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu, linapereka kwa makhonsolo ntchito yoyang'anira misika, zimbudzi za anthu onse, kuchotsa zinyalala ndi zina zokhudza ukhondo wa m'dera. Choncho ngati chiphaso chimene mumadula pamsika chili ndi chidindo cha khonsolo, muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira chimbudzi ndi malo otayako zinyalala. Musanapite kwina kulikonse, fufuzani kaye kuti doko lanu lili pansi pa khonsolo iti, pakuti m'maboma ena muli makhonsolo awiri. Ku Mangochi, mwachitsanzo, tawuni ili ndi khonsolo yakeyake, pamene madera ngati Monkey Bay ali pansi pa khonsolo ya boma lonse, ndipo kalata ikapita ku ofesi yolakwika imangogona m'kabati popanda amene angakuuzeni kuti mwasochera.

Wachiwiri ndi komiti ya pa doko, imene ambiri amangoitchula kuti BVC. Makomiti amenewa anayambira ku Nyanja ya Malombe mu 1993, chambo chitayamba kusowa, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'mphepete mwa nyanja azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ntchito yawo yaikulu ndi yokhudza usodzi: kuletsa zida zowononga monga masikito a udzudzu amene ena amakokera timwana ta nsomba, kuonetsetsa kuti nyengo yotseka nyanja ikulemekezedwa, ndi kudziwa asodzi obwera. Wachitatu ndi mfumu, chifukwa madoko ambiri ali pa malo a makolo, ndipo simungakumbe ngakhale dzenje limodzi nyakwawa ndi agulupu asanavomere. Ndalama ina ija mukuti mumalipira pa matandala mwina ikupita ku komiti kapena kwa amfumu, ndipo njira yodziwira ndi imodzi yokha, kupempha lisiti tsiku lililonse ndi kuona dzina limene lalembedwapo.

Kunena za pempho lanu, musadalire mawu a pakamwa. Khalani pansi amayi nonse, lembani kalata yofotokoza vutolo, chiwerengero cha anthu amene amagwiritsa ntchito dokolo ndi malo amene mukuganiza kuti chimbudzi chingamangidwe, ndipo aliyense asaine kapena adinde chala. Kalatayo ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kuti iitengere ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, ndipo kope lina mupatse khansala wa wodi yanu pamanja. Izi zili choncho chifukwa khonsolo imagawa ndalama potsatira mapulani ochokera m'makomiti amenewa, ndipo chinthu chimene sichinalowe m'pulani n'chovuta kuchipezera ndalama pakati pa chaka, ngakhale bwanamkubwa atakumverani chisoni. Chaka cha chuma cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, kotero pempho liyenera kufika miyezi ingapo tsikuli lisanakwane, pamene bajeti ikukonzedwa.

Ndimaona kuti ambiri mwa ife sitinazolowerebe kugwiritsa ntchito khansala, ndipo sindikuwadabwa, chifukwa kuchokera mu 2005 mpaka chisankho cha 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo anthu anaphunzira kuthamangira kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo pa kalikonse. Komatu khansala ndi amene amakhala pa msonkhano wa khonsolo kuyankhulira wodi yanu, ndipo chimbudzi cha pa doko ndi nkhani yake yeniyeni. Pa funso lanu lomaliza, ufulu muli nawo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zimene akufuna kudziwa ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mukhoza kulemba kalata yofunsa ndalama zimene msika wanu unatolera ndi mmene zinagwirira ntchito. Akakana kuyankha, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Mlangizi wa zaumoyo

Zimene bambo alemba pamwambapa ndi zoona, koma ndikufuna ndionjezere mbali imene makomiti ambiri amaiphonya, ndiyo mtundu wa chimbudzi chimene mukupempha. Mukangolemba kuti tikufuna chimbudzi, adzakumangirani chonga cha kumtunda, ndipo pakatha dzinja limodzi mudzakhala mukulembanso kalata. M'mphepete mwa nyanja nthaka ndi ya mchenga ndipo madzi ali pafupi kwambiri, moti wokumba asanafike m'chiuno dzenje layamba kale kudikha madzi, m'mbali mwake mukugumukira mkati. Dzenje lotere, ngakhale litapanda kugwa, limatumiza zonyansa m'madzi a pansi, amene amakathera m'zitsime ndi m'nyanja momwemo. Chimene chimalimba m'malo otere ndi chimbudzi chokwezedwa pamwamba, chokhala ndi dzenje lomangidwa ndi njerwa ndi simenti kuyambira pansi, limene lingathe kupopedwa likadzaza, ndipo chimangidwe pamalo okwera. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza anthu kuti asamange nyumba m'munsi mwa mulingo wa mamita 477 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi a mu 2024, amene analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, anaonetsa kuti chenjezolo si lachabe. Pemphani kuti wa zomangamanga wa ku khonsolo ndi wa zaumoyo adzaone malowo limodzi ndi inu asanakumbe.

Nkhawa yanu ya kolera ndi yomveka. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unali waukulu kuposa yonse imene dziko lino linaonapo, unapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Madoko ndi malo amene matendawa amafalikira msanga, chifukwa asodzi amachezera usiku wonse pa nyanja, kumwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo akakocheza amasakanikirana ndi ogula amene madzulo ake amakhala afika kale ku Limbe kapena ku Lilongwe. Palinso likodzo, limene sitilitchula kawirikawiri chifukwa silipha mwadzidzidzi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, tizilombo timalowa mu nkhono za m'bango, kenako n'kubwerera kudzalowa pa khungu la ana amene akusambira, ndipo mwana amene wayamba kukodza magazi ayenera kupita kuchipatala, osati kumuona ngati wakula.

Pamene mukudikira khonsolo, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu mukapemphe kolorini wothira m'madzi akumwa, ikani ndowa ya mpopi ndi sopo pafupi ndi matandala, ndipo matumbo a nsomba muzikwirira m'dzenje lakelake tsiku lomwelo. Mupempheninso mlangiziyo kuti alembe lipoti la mmene doko lanu lilili, chifukwa lipoti lotere likaphatikizidwa ndi kalata yanu, ku khonsolo amaliwerenga ndi maso ena.

Msodzi wa ku Salima

Ine ndine mwini zida, ndipo ndilankhula ngati mmodzi wa anthu amene akuipitsa madoko. Achemwali, njira ya makalata itsateni, koma ndikukayika ngati payokha ingathetse vuto lanu. Ndaonapo zimbudzi zokongola zomangidwa ndi ndalama za chitukuko zimene zinatsekedwa chaka chisanathe, chifukwa panalibe wozisesa, panalibe madzi, ndipo zitseko anthu anazula. Vuto la pa doko n'lakuti ambiri mwa amene amaligwiritsa ntchito ndi odutsa. Ife asodzi timatsata usipa, mwezi uno tili kuno, mwera ukawomba tasamukira kwina, ndipo munthu amene akudziwa kuti mawa achoka sasamala za kumene akutaya zinyalala.

Kwathu kuno tili ndi chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, kumene kuyambira zaka za m'ma 1950 nyanja imatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo potsatira lamulo la amfumu, ndipo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo. Sindikunena kuti mutengere zonse za kumeneko, pakuti akazi saloledwa kufikako, pamene doko lanu likuyenda chifukwa cha amayi. Chimene ndikufuna muone n'chakuti asodzi omwewo amene amanyozera malamulo kwina, akafika ku Mbenje amawatsata, chifukwa amadziwa kuti wolakwa amathamangitsidwa tsiku lomwelo ndipo komiti siyang'ana nkhope. Choncho chimbudzi chisanamangidwe, gwirizanani ndi amfumu ndi komiti ya pa doko kuti boti lililonse lokocheza lizipereka kangachepe ka ukhondo, kuti pakhale munthu wolembedwa ntchito yosesa ndi kutunga madzi, ndiponso kuti wopezeka akudzithandiza m'bango azilipira chindapusa, kaya ndi mlovi wogwira ntchito m'boti, kaya ndi mwini boti. Ndalamazo zizilengezedwa pa msonkhano mwezi ndi mwezi, pamaso pa aliyense. Eni zida ambiri sangakane, chifukwa kolera ikagwa pa doko malonda amaima, ndipo amene amaluza kwambiri ndi ife.

Wogulitsa usipa

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndayang'ana mapepala amene ndinasunga, ndipo chiphaso cha pamsika chilidi ndi chidindo cha khonsolo, koma ndalama ya pa matandala sitinalandirepo lisiti lake. Tinakumana amayi Lachisanu titatha kuyanika, ndipo tagwirizana zolemba kalata monga mwanenera. Anyakwawa atilonjeza malo okwera kuseri kwa chigayo, kumene madzi a chaka chija sanafike, ngakhale ena akudandaula kuti ndi patali pang'ono kwa munthu amene wasiya nsomba pa thandala. Chimene chatsala n'chakuti m'komiti ya pa doko mulibe mayi ngakhale mmodzi, ndipo ena akutiuza kuti komitiyo ndi ya asodzi okha. Kodi zimenezi n'zoona, makamaka kwa ife amene ena tinachokera m'maboma ena?

Mlembi wakale wa komiti ya chitukuko

Si zoona, mayi. Komiti ya pa doko inakonzedwa kuti iziimira onse amene amadalira dokolo, kuphatikizapo owamba, ofutsa, oyanika ndi ogulitsa nsomba, ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi anthu pa msonkhano. Pitani kwa mlangizi wa zausodzi wa dera lanu, mumufunse kuti komiti imene ilipoyi inasankhidwa liti ndipo nthawi yake itha liti, ndipo mupemphe kuona malamulo ake olembedwa, chifukwa m'menemo ndi mmene mungapeze ngati muli mfundo yokhudza anthu obwera. Nkhani ya ndalama yopanda lisiti muifunse pa msonkhano womwewo, amfumu ali pomwepo, ndipo muifunse mwaulemu ngati anthu ofuna kudziwa, osatchula munthu kuti waba. Za kutalika kwa malo, muwauze anzanu aja kuti apite limodzi ndi wa zaumoyo tsiku loyendera malowo, kuti ngati pali pena pafupi pamene pangakwezedwe ndi dothi ndi miyala, aonere limodzi asanalembe muyeso m'kalata.