Wilu ikuti "dimba langa" koma madimba ndi awiri: tiyambire pati?

NaPhiri (Turffontein):
Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo athu anamwalira ku Mulanje, anasiya wilu yolemba pamanja, mboni ziwiri zinasaina. Za malo muli mzere umodzi wokha: "Dimba langa ndi nyumba ya ku Luchenza ndasiyira ana anga." Koma madimba anali awiri, lina kumudzi kwa amayi komwe bambo ankakhala chikamwini, lina anachita kugula. Anafe tilipo anayi a m'banja, mmodzi wakunja, ndi mwana wa alongo awo amene anamulera kuyambira ali khanda. Amalume akuti dimba la kumudzi silinali la bambo. Amayi ali moyo koma sanatchulidwe. Atatu mwa ife tili kuno ku Johannesburg.

Bambo Mwale (Yeoville):
Pepani ndi zovuta, chemwali. Musanakangane za mawu a m'wilu, dziwani kaye mtundu wa malo aliwonse, chifukwa munthu sangagawe chimene sichinali chake. Ngati dimba la kumudzi ndi malo a makolo a amayi anu, osalembetsedwa m'dzina la bambo, amalumewo akunena zoona. Mkamwini amalima, koma nthakayo ndi ya mbumba. Nkhani yake imayambira kwa anyakwawa ndi agulupu, ndipo lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa mabwalo oweruza mikangano ya malo otere kuyambira kwa T/A mpaka paboma.

Zimenezi zikukupepukitsirani mlandu. Ngati dimba lomwe bambo akanatha kulitcha lawo ndi logulalo lokha, ndiye kuti "dimba langa" likunena lomwelo. Funani pepala la mgwirizano wogulira, chidindo cha amfumu ngati chilipo, ndi anthu amene analipo poloza malire. Apa ndi pamene zimavuta: malire ambiri analozedwa ndi mtengo wa mango kapena chulu, mtengowo unadulidwa kalekale, wogulitsayo anamwalira, ana ake n'kuyamba kunena kuti anangobwereketsa. Tumani munthu ajambule malire onse oyandikana nawo ali pomwepo, mvula isanagwe anthu n'kuyamba kusuntha mizere.

Mayi a Chikondi (Rosettenville):
Ndionjezere pa mawu akuti "ana anga", poti mpamene mabanja amadana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wakunja. Ngati n'zodziwika kuti ndi wa bambo anu, ali ndi gawo lofanana ndi lanu, ndipo ndikupemphani musamukankhire kunja, khoti silingakuvomereni. Wilu ikapanda kunena kuti uyu atenge zingati, anawo amagawana mofanana.

Mwana wa alongo awoyo nkhani yake ndi ina. Kwathu timati ndi mwana basi, koma ngati sanatengedwe kudzera kukhoti, lamulo silimuwerenga yekha. Woweruza amawerenga wilu yonse kuti amve chimene malemuyo ankatanthauza, ndipo mawu akakhala ndi matanthauzo awiri amayang'ana mmene zinthu zinalili polemba. Onani ngati penapake m'wilumo bambo anatchula mayina kapena chiwerengero cha ana, komanso mapepala a sukulu ndi a kuntchito komwe analemba ana awo. Zakuti "anandiuza ali pamphasa" sizilemera kwenikweni, makamaka wonenayo akakhala wopindula.

Za amayi musazidumphe. Lamulo lomwelo limalola khoti kupereka gawo kwa mkazi kapena mwana amene wasiyidwa wopanda chothandizira mu wilu. Ndiponso ngati nyumba ya ku Luchenza anamanga awiri, gawo la amayi si la masiye n'komwe. Katundu yense amene wilu sinamutchule, monga ndalama za kubanki ndi ziweto, amagawidwa ngati munthu sanasiye wilu, ndipo oyamba ndi amayi ndi ana, osati abale a bambo. Wachibale wolanda chuma cha masiye amapalamula mlandu wopita nawo kupolisi.

Bambo Mwale (Yeoville):
Zoona mayi. Ndaiwala chimodzi: onani ngati mboni ziwirizo zinasaina zili pamodzi, bambo ali pomwepo, komanso ngati palibe mwa izo amene akulandira kanthu. Ofuna kugwetsa wilu amayambira pamenepo.

Che Jafali (Mayfair):
Ine ndinene za inu muli kunonu. Malo ali ku Malawi amatsata malamulo a ku Malawi, ofesi ya Master of the High Court, yoona za chuma cha masiye kuno, ilibe nawo mphamvu. Imeneyo mungaifune pokhapokha bambo anasiya akaunti kapena katundu mu South Africa muno.

Wilu yeniyeniyo, osati fotokope, ipite kukhoti kuti ivomerezedwe, amati probate, pamodzi ndi kalata ya imfa. Ngati bambo sanatchule woyendetsa chumacho, khoti limasankha, ndipo banja likagawanika ofesi ya Administrator General imatha kugwira. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Izi zisanathe, pasapezeke wogulitsa, wobwereketsa kapena womanga. Ngati nyumbayo ili ndi lizi yolembetsedwa, funsani ku ofesi ya Lands ku Blantyre za kuika caution, kuti dzina lisasinthidwe inu osadziwa.

Atatunu simungakwere basi nthawi iliyonse mlandu ukaitanidwa, ndiye mulembe power of attorney, pepala lopatsa munthu wina mphamvu yokuimirani. Sainirani pamaso pa notary (loya wotsimikiza zikalata) kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, koma mufunse kaye loya wa kumudziyo kuti akufuna chidindo chiti, pepala lingabwezedwe. Mulembemo zochita zenizeni: kukuimirani kukhoti, kulandira makalata. Mawu oti "kugulitsa" asapezekemo. Ambiri malo anawataya chifukwa anapatsa m'bale pepala lotseguka, iwo ali pantchito kuno.

Mukagwirizana panokha, mwina kumupatsa msuweni wanuyo chigawo mwa kufuna kwanu, zilembedwe, nonse asanu musaine, amayi asaine, amfumu adinde, kenako loya akazipereke kukhoti. Zogwirizana pa WhatsApp zokha zimakanidwa mawa.

NaPhiri (Turffontein):
Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa achimwene kumudzi, akuti pepala logulira dimba lilipo m'chikwama cha bambo, lili ndi chidindo cha agulupu. Che Jafali, atatufe tingalembe power of attorney imodzi, kapena aliyense yake?

Che Jafali (Mayfair):
Aliyense yake, chemwali. Wina akasintha maganizo amangochotsa yake, zanu zimapitirira.